Tambula ya Mwendo Umodzi

Lolemba

Anthu a m'maofesi a pa boma andidutsanso. Onse! Akupita kutsidya kwa msewu, kumalo atsopano olembedwa Lounge. Nkhuku yake ndi yomweyi, yanga ndiye yonona kuposa. Chawakoka n'chizungu basi. Kanyumba kanga ka zakudya kuseri kwa msika kalibe dzina, kamangodalira alimi a panjinga odzadya ndi kumwa thobwa.

Ndaganiza: sabata ino ndikhoma chikwangwani cha chizungu.

Koma mosamala. Ndine wa gulu la amayi kutchalitchi, zaka khumi ndi ziwiri ndikuvala bulauzi yoyera, ndipo kwathu mowa ndi mlandu waukulu. Dzina lonunkha mowa lingandivulitse bulauziyo.

Ndaimbira alamu a ku Lusaka. Atumiza mayina awa:
Pub
Tavern
Joint
Cafe
Takeaway
Bistro

Alamuwa amamwa. Ayankhanso mofulumira kwambiri. Sindikuwakhulupirira.

Lachiwiri

Thobwa ndaphika ndowa yodzaza, monga mwa masiku onse.

Pub ndi Tavern: mowa weniweni, ndikudziwa. Joint: alamu akuseka pofotokoza, ndafufuta. Cafe: akuti khofi. Ndani amamwa khofi masana ku Lundazi? Takeaway: anthu azinyamula chakudya, mbale zanga osabwerera.

Latsala Bistro. Palibe akulidziwa, ndiye palibe angandineneze nalo.

A Zimba, olemba zikwangwani, akuti, "Amai, mau okha sagulitsa. Ba kumunzi bawelenga chithunzi." Akufunsa kuti bistro n'chiyani. Ndati afufuze okha pa foni yawo. Zikwangwani za mabala onse a pa boma analemba ndi iwowa. Zimenezi sizikundikhazika mtima pansi.

Lachitatu

A Zimba akhoma chikwangwani ine ndili kumsika kogula matimati. BISTRO, zilembo zikuluzikulu. Pambali pake tambula ya mwendo umodzi, m'kati mwake zofiira!

"Ni juwisi, amai. Pa foni mabistro yonse yali na iyi."

Juwisi wanji womwera m'chinthu cha mwendo umodzi? Akuti penti ndi wamuwisi, kufufuta mpaka Loweruka.

Mlimi wa ku Kapichila, kasitomala wanga wakalekale, watsamiritsa njinga, wayang'ana m'mwamba, wayang'ana nsapato zake zafumbi, wakweranso. Ena atatu chimodzimodzi. A m'maofesi sanacheuke n'komwe. Thobwa sindinagulitse ngakhale kapu imodzi.

Lachinayi

Tsiku la amayi. Bulauzi ndasita. Njira ya kutchalitchi imadutsa pakhomo panga penipeni. Mutu wangawu unali kuti?

NyaMtonga, wogulitsa zakudya moyandikana nane, amene wakhala akusirira malo anga a kutsogolo m'tchalitchi, waima pansi pa chikwangwani, manja m'chiuno. "Monire, mama. Mwakwela!"

Ndati yewo. Kulowa m'tchalitchi, ndamuona akunong'oneza amayi a pampando. Nyimbo yasankhidwa lero: ya nkhosa yosochera. Mwangozi? Ndakana.

Masana kwabwera amuna awiri ochokera kogulitsa fodya, akufuna "ija yofiila". Ndawathamangitsa ndi mthiko. Ndikuganiza kuti pali amene wawatuma.

Lachisanu

Amayi awiri atumidwa kudzandiona. Kudzandiona! Mmodzi ndi NyaMtonga. Ndawatsegulira ponse, ndilibe chobisa: mapoto, kabati, pansi pa tebulo. Botolo palibe. Ndayamba kumwetulira.

Kenako NyaMtonga wavundukula ndowa.

Thobwa la Lachiwiri! Masiku onse alimi amalimaliza lisanagone kawiri. Ili lagona katatu, kutentha kumeneku. Thovu tho, fungo mpaka pamsewu. Ndinaliiwala, maganizo ali pa chizungu.

"Ndiye bisitilo yake ni iyi?"

Ndasowa pogwira. Manyazi!

Loweruka

Akulu a mpingo andiitana, ndowa ili pakati. Ndafotokoza zonse: alamu, foni, penti, njinga. A Nyirenda, mkulu wa mpingo, ati sangaweruze chinthu osachilawa. Kapu imodzi. Ati sanamvetse bwino. Yachiwiri. Atsinzina nthawi yaitali, kenako, "Uwu ni mowa ndithu, mama."

Ndowa yatsala kwa iwo ngati umboni. Ndikukayika ngati umboniwo ufike Lolemba.

Chigamulo: miyezi itatu osavala bulauzi, ndizikhala pa benchi ya kumbuyo.

A Zimba abwera kudzafufuta tambula. Ndati angozula chonse. Atachoka ndatseka chitseko, ndalira.

Lamlungu

Bulauzi ndaipinda, ili m'sutikesi. Ndavala chitenje wamba. NyaMtonga ali pamalo panga, akuimba mokweza kuposa kwaya yonse. Mtima ukuwawa, ndisaname. Koma zachitika basi.

Sindinkadziwa kuti benchi ya kumbuyo imadzaza chonchi. Onse odulidwa chifukwa cha mowa ali kuno, ndipo andisendera malo mwaulemu umene akutsogolo sanandipatsepo. Nthawi ya chopereka, bambo wa pambali panga wawerama.

"Amai, pepani. Ija ya pa Chisanu, muphika liti futi?"

Ndatsinzina ngati ndikupemphera. Potsegula maso, benchi yonse ikudikirabe yankho.