A Dominiko ndi mpando wa mlombwa

A Dominiko Mbewe ankadana ndi penti kuposa Satana. Ankati Satana amangonyenga munthu, koma penti amakwirira mtengo uli moyo.

M'tchalitchi chathu cha ku Zingalume muli mpando wa mlombwa umene anasema akhristu oyamba. Wansembe akabwera amakhalapo. Akapanda kubwera, umakhala wa wokalamba kuposa onse. A Dominiko ankaupukuta ndi phula ndi kansanza mpaka njuchi zinkalowa kudzanunkhiza, anthu akuimba akuzinda mitu.

Pogwira manja panali pakuda bii. Tsiku lina anapeza mai Kristina akukwechapo ndi mchenga.

"Mukuchotsa chiyani, mayi?"

"Litsiro."

"Litsiro mwalisiya kwanu. Awa ndi manja a anthu amene ali kumanda."

Sanawapatsenso moni mpaka mvula inagwa.

Loweruka lina mu 1955 Zakeyu, mwana wa mlongo wawo, anabwera kuchokera ku migodi ndi chitini cha penti wobiriwira.

"Amalume, ku Kitwe mipando imawala. Uwu ukutichititsa manyazi."

"Manyazi ndi ako. Dzipake wekha."

A Dominiko anakhala pampandopo kuyambira Loweruka lija, chakudya ankawapititsira komweko. Lamulungu wansembe anafika panjinga, nawapeza atapinda manja.

"A Dominiko, nanga ine ndikhala pati?"

"Mulandeni mwanayo chitini, Bambo, ndinyamuka."

Zakeyu anali atachibisa. Wansembe anakhalira mtondo wozondotsa Misa yonse, ndipo ulaliki unali waufupi.

A Dominiko anamwalira chaka chatha, nthawi yokolola. Dothi la pamanda lisanaume, Zakeyu anatsegula chitini chija. Anapaka paliponse, ngakhale kunsi kumene sikuoneka. Onse amene anadya nyama pamaliro anaima pomwepo nkumati wakongola. Mai Kristina anaimba nthungululu.

Tsopano wokalamba kuposa onse ndine. Ndimakhala pansi, pamphasa, pamodzi ndi ana. Anthu akatuluka ndimatsala ndi kachibenthu ka botolo, nkumapala pang'onopang'ono kuti ndisavulaze mtengo. Penti ameneyu ndi wouma mutu ngati mwini wake.

Zakeyu anandipeza dzana.

"Agogo, mukuwononga penti wanga. Mukufuna chiyani pamenepo?"

"Amalume ako."

Zakeyu anatembenuka natuluka.

Dzanja limodzi la mpando ndalimaliza, kuda kuja kulipo. Ndapakapo phula. Njuchi sizinabwerebe.