Mmene Ndinadzinyozera Ndekha pa Intaneti

Mukadzafika pa Mchinji Boma n'kumva anyamata a kabaza akukuwa kuti "Manja Ofewa!", musavutike kufunsa kuti akuitana yani. Ndine. Chowawa n'chakuti dzinali ndinalifalitsa ndekha, popanda wondikakamiza.

Ntchito yanga ndi yokonza mafoni pakhonde la sitolo ya a Saidi, koma mtima wanga uli pa nyimbo. Kuimba sinditha (mawu anga amabalalitsa nkhuku). Chimene ndimachita n'kuyenda ndi foni kumajambula phokoso: chigayo, belu la njinga, makondakitala oitanira anthu a ku Lilongwe. Ndikafika kunyumba ndimazilumikiza pa laputopu, kuthira ng'oma pansi pake, n'kuponya pa intaneti. Ondimvera anali ochepa, ndipo ambiri mwa iwo ndi abale anga ondimvera chisoni.

Nthawi yokumba mtedza itakwana, bwenzi langa Tadala anati tipite kwawo ku Mkanda ndikaonekere, poti ankhoswe anali atayamba kale kukambirana. Ndinavala chipewa changa chofiira, chimene ndinkakhulupirira kuti chimandipatsa ulemu, tinakwera njinga.

M'mawa mwake malume ake, a Banda, anandipatsa khasu n'kungoloza mizere. Mzere woyamba ndinaukumba ndi mphamvu zonse kuti aone mkamwini amene akubwera. Pofika kumapeto, m'manja munali matuza atatu, limodzi litaphulika kale. Ndinawauza kuti ndikukamwa madzi. Kumundako sindinabwererenso.

Kumudzi ndinapeza mayi ake aang'ono a Tadala, aNabanda, ndi amayi ena awiri akusinja nsinjiro. Minsi ikugwa mosinthana mumtondo, gu, gu, gu, moti ndinatulutsa foni pomwepo. Ndinanjuta mwaulemu n'kupempha kuti ndijambule, ndipo ngati n'kotheka aimbeko kanyimbo. ANabanda anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, n'kufunsa ngati kumunda amaliza kale. Ndinati atsala pang'ono. Amayi aja anayang'anana, kenako aNabanda anayambitsa nyimbo, enawo n'kumavomera.

Apa ndidziteteze pang'ono. Ine ndikamajambula, khutu langa limakhala pa kugunda, mawu amangondidutsa ngati mvula padenga. Chimene ndinatolapo ndi "manja ofewa, manja ofewa ee", ndipo ndinati m'mtima: nyimbo yachikondi iyi, akuyamikira namwali. Amayiwo ankaseka uku akuimba (ine ndinkati akusangalala ndi luso langa).

Nditabwerera ku Boma ndinaikonza masiku awiri. Ndinathira ng'oma yolemera, moti m'mahedifoni mwanga mawu enawo ankangomveka chapansipansi. Ndinaitcha "Manja Ofewa", n'kuikapo chithunzi changa nditavala chipewa chija, dzanja lili pachibwano. Ndinaponya.

Abale inu, nyimbo inayenda. Inalowa m'magulu a pafoni a kutchalitchi, a mavenda, a aphunzitsi. Dalaivala wina wochokera ku Chipata anaima pasitolo ikulira m'galimoto mwake, atandiona anandigwira chanza akuseka mpaka misozi. Ine ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba.

Tsiku lachinayi a Saidi anandiitanira kuseri kwa kauntala. Ndi munthu wofatsa, sakonda zachibwana.

"Achimwene, nyimboyi munaimvetsera musanaitumize?"

"Kambirimbiri, a Saidi."

"Pa foni yaing'ono ngati yangayi?"

Anaiyatsa. Kafoni kawo kalibe mphamvu yotulutsa ng'oma, ndiye ng'oma yanga yonse inasowa, panangotsala mawu a aNabanda, oyera ngati akulengeza maliro:

"Manja ofewa, manja ofewa ee,
mzere umodzi khasu lagona,
wa chipewa chofiira wapita kumadzi,
mwana wathu adzadya foni."

Ndinakhala pa thumba la shuga. A Saidi anandipatsa madzi, n'kunena kuti pepani, koma nyimboyo ndi yokoma ndithu.

Ndinathamangira kukaifufuta, koma inali itafika kale m'mafoni a boma lonse. Ndinamuimbira Tadala. Anati iye anadziwa tsiku lomwelo, koma ankaganiza kuti ndamva ndipo ndine munthu wolimba mtima. Anawonjeza kuti malume ake akufuna kundiona Loweruka. Ndinadziwa kuti ukwati wathera pomwepo.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita ku Mkanda wopanda chipewa. Ana anandilandira kumsewu akuimba. Ndinakhala pansi pamaso pa a Banda n'kuyamba kupepesa chifukwa chothawa kumunda ndiponso kuchititsa manyazi banja. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Akamwini ambiri amabisa ulesi wawo mpaka ukwati utachitika," anatero. "Inu mwaulengeza dziko lonse. Munthu wotere sangatinamize."

Atatero anandipatsa khasu lomwe lija. Ndinakumba mizere isanu ndi umodzi tsiku limenelo, manja nditakulunga nsanza, iwo ali pambuyo panga kutola mtedza umene ndinkaudula pakati. ANabanda dandaulo lawo linali limodzi lokha: chifukwa chiyani pachithunzi pali ine, pomwe woimba ndi iwo? Ndinawajambula atagwira munsi, ndipo nyimbo ndinaiponyanso ndi dzina lawo.

Ine ndi Tadala tinakwatirana, tili bwinobwino, ndipo makasitomala anawonjezeka poti aliyense amafuna kuona manjawo. Ndinalumbira kuti sindidzaponyanso kanthu mkazi wanga asanamvetsere. Mwezi wathawu ndinajambula amayi akuimba pa mjigo ku Ludzi, ndinamupatsa kuti amve. Anaseka mpaka kugwira khoma, kenako anapukuta misozi n'kunena kuti, "Ponyani bambo, ilibe vuto."

Ndinaponya. Chimene ankaseka sindinamufunse.