Tambala Yemwe Ndinapita Naye ku Sharpevale

Ndikanama pano, mphenzi indipeze ndili m'tchalitchi, pampando wakutsogolo! Zonse ndikuuzenizi ndi zoona, ngakhale ndi zamanyazi moti mkazi wanga Nambewe amatuluka panja ndikangoziyamba.

Ine ndinali ndi maso, abale. Kumgodi ku Joni magetsi akathima, azungu ankaitana ine kuti nditsogolere anthu. Ndili pa Mlangeni pano ndinkaona mbuzi ikuba chimanga ku Mozambique, n'kukuuzani ndi mwini wake yemwe. Koma ukalamba ulibe ulemu. Zinthu zinayamba kuoneka ngati zili mu utsi, mpaka tsiku lina ndinapereka moni kwa chitsa, n'kukwiya kuti sichikuyankha.

Mwana wanga Esinta, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anandikokera kwa dokotala wa maso. Magalasi ndinakana. Ine kuvala mawindo kumaso ngati hedimasitala wopuma? Nanga povina ingoma ndiziwagwira ndi dzanja liti? Ndiye anandipatsa tina timene amati makontakiti, timagalasi topyapyala ngati kakhungu ka anyezi, tomata padiso penipeni. Dokotala anati andiphunzitse kavalidwe kake.

"Mwana iwe," ndinamuuza, "ine ndaphwanya miyala ndi dainamaiti. Kanthu aka kandivute?"

Sabata yomweyo kunali chinkhoswe cha Maliko, mwana wa mlongo wanga, yemwe anapeza mbeta ku Sharpevale, kwa alimi a mpunga. Nkhoswe wamkulu ndinali ine. Mwambo mukuudziwa: akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka thadzi, basi ukwati wamangidwa. Tsono akuchikaziwo ankakayika kale, ati mnyamatayo ndi woonda ngati bango, sangathe dimba la mpunga. Tambala wathu anayenera kukawatseka pakamwa.

M'mawa wa tsikulo ndinatenga timagalasi tija ndi zala zangazi, zokhakhala ngati zitsononkho. Kutosa diso lamanja, misozi mbwee! Kutosa lamanzere, misozi mbwee! Kuyang'ana pachala, palibe kanthu. Ndinati basi, talowa.

"Mukuona bwino, bambo a Esinta?" anafunsa Nambewe.

"Ndikuona mpaka zimene mukuganiza!"

Kunena zoona utsi uja unalipobe, koma ndinkati zachizungu zimachedwa kugwira. Ndinalowa m'khola, n'kumbwandira chinkhuku chachikulu kuposa zonse, n'kuchitsekera m'katoni. Maliko anati asuzumire, ine ndinamumenya padzanja.

"Ukaonera komweko, mphwanga. Kukomoka anthu lero!"

Ku Sharpevale tinapeza bwalo litadzaza, nthungululu zili pakamwa. Nthawi ya nkhuku itakwana ndinaimirira, jekete la ku Joni lili pathupi, katoni ili m'manja.

"Inu akuchigwa," ndinatero, "tambala ali umuyu si wamasewera. Akalira pa Mlangeni, a ku Nzama amadzuka kupita ku Misa. Anathamangitsapo fisi mpaka kumuluma mchira. Mmene alili tambala ameneyu ndi mmenenso alili mnyamata wathu!"

Ndinapisa dzanja, n'kumukweza m'mwamba kuti aliyense aone.

Bwalo lonse linangoti zii.

Ndinati eya, agoma. Ndinamukwezanso kwambiri, n'kumuzungulitsa uku ndi uku. Pamenepo ndinamva kanthu kofunda kakutsetsereka pamkono wa jekete, n'kukagwera pansapato yanga. Phwa!

Dzira.

Nkhoswe wa kuchikazi, a Chisale, kamkulu kakafupi koma mawu ngati wailesi, anaimirira pang'onopang'ono.

"Pepani a Jere, mwina sindinamve bwino. Mwati mnyamata wanu ali ngati nkhuku imeneyi?"

"Ndi tambala ameneyu! Kungoti minibasi yamusokoneza m'mimba."

"Ndiye kwanu kumapiriko atambala amaikira? Nanga tikaika mathadzi awiri m'nyumba ya ana athuwa, adzalire m'mawa ndani?"

Maliko anali atabisa mutu m'malaya. Mayi a mtsikana anayamba kupinda mphasa yawo, ati mwana wawo sangakwatiwe ku mtundu wosasiyanitsa tambala ndi thadzi. Thukuta limene linandituluka pamenepo mukanathirira nalo mpunga chigwa chonse. Ukwati wa mwana wa mlongo wanga unali kuphwanyikira m'manja mwanga, anthu akuona.

Kenaka azakhali a mtsikanayo anandiyandikira, n'kundiyang'anitsitsa kumaso.

"Akuluakulu, mwadya nsomba m'mawa uno? Muli ndi mamba m'ndevu."

Anatola kamodzi. Anatolanso kena. Esinta, yemwe anakhala kumbuyo ndi azimayi, anathamangira kutsogolo.

"Ababa! Si makontakiti aja awa? Mwayenda nawo m'ndevu kuchokera ku Mlangeni?"

Ndiye kuti ndevu zanga zinaona njira yonse bwinobwino, mwini wake ayi.

Kuseka kumene kunabuka pamenepo n'kumene kunatipulumutsa. Mayi a mtsikana anaseka mpaka mphasa inawapulumuka m'manja. A Chisale, akupukuta misozi, anati mlandu wa maso a malume sangaulipitse mnyamata. Anakagwira tambala wawo, n'kundibwereka kuti ndiwapatse iwo omwewo. Ndinapereka ndi manja awiri nditagwada, popanda ndi liwu limodzi lomwe la spitchi. Ukwati unatheka, koma mpaka lero Maliko akamadutsa pamsika wa Sharpevale amamukuwira kuti tambala wobwereka uja adzabweza liti.

Timagalasito Esinta anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa kuvala ngati mwana wa sitandade wani, ndipo pano ndimaona ngakhale utitiri wa pankhuku ya eni. Chimene ndinatolapo n'chakuti katundu wa m'katoni uzimutama anzako atayamba amuona.

A Ngozo, anzanga a pabawo, amati ndawonjezera, ati nkhuku singaikire ili m'manja mwa munthu. Zamkutu! Iwowo analiko? Ine ndachita kuchepetsa dala kuopa kutchedwa wabodza. Inaikiranso lina tili pakati pa pemphero lotsekera.