Wogula Mbuzi M'dzenje la a Avelino

Inu, sunthani ndikhale nawo; basiyi ikabwera lero mundimete mpala. Ine ndayenda, phazi langa lidziwa Tete, lidziwa Dedza, koma mphunzitsi wanzeru ngati a Avelino sindidamuonenso. Anzeru zedi, mpaka adakwirira dziko lonse lapansi n'kuiwala pamene adalikwirira!

Zidali zaka za nkhondo, pasukulu ina kuseri kwa Ntengo-Wambalame. A Avelino adali delegadu wa Jeografiya, ndiye kuti mkulu wa aphunzitsi onse a phunziro limenelo. Aphunzitsi onsewo adali iwo okha, anzawo adathawira ku Malawi kalekale. Pamsonkhano ankayankhula okha, n'kudziombera okha m'manja. Mgwirizano wake!

Masiku amenewo anyamata a m'tchire akakugwira n'kudziwa kuti ndiwe mphunzitsi, basi, zako zada. Choncho chilichonse chonunkha sukulu chinkakwiriridwa ngati kachewere: mabuku, mamapu, ndi gulobu, mpira uja wojambulidwa maiko, umene a Avelino ankausisita kuposa akazi awo a Bertina.

Ndiye tsiku lina a Lucrécia, akulu a sukuluyo, adawaitana.

"Kamarada Avelino, Lachinayi kukubwera inspetori woyendera masukulu wochokera ku Tete. Akapeza Jeografiya ilibe zipangizo, akutumizani ku Chidzolomondo."

"Kumene mfuti imalira m'malo mwa tambala kuja?"

"Komweko. Akuti kukusowa wodziwa mapu."

A Avelino adathamangira khasu.

"Mudakwirira pati?" adafunsa a Bertina.

"Patsinde pa mtengo wa mapichesi."

"Uti? Yonse asilikali adasonkhera moto."

Tamverani, anthuni. Dzenje loyamba adafukula kachewere wa eni ake, eni akewo n'kuwapitikitsa ndi mpini. Dzenje lachiwiri adapeza chigubu cha kachasu, ndipo ntchito idaima kaye tsiku lonse kuti afufuze bwino mwini wake. Lomaliza, kuseri kwa chimbudzi, adakumba mpaka mutu kubisika, n'kutulutsa mapu amodzi. Chiswe chidadya Afrika yense, n'kusiya Portugal.

"Nacho chiswe chimasankha ndiwo," adatero a Bertina.

Gulobu osaoneka. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: a Avelino adatenga dzungu la akazi awo, n'kulijambula maiko ndi khala.

"Dziko lanulo likatha ntchito mubweze, ndiphike," adatero mayiwo.

Kenaka adayamba kukonza ana. Ana amenewa chibadwire adaphunzira chinthu chimodzi: ukamva phokoso, liwiro.

"Lachinayi musathawe!" adakalipa a Avelino. "Munthu wophunzira sathawa. Yang'anani ine!"

Lachinayi lidafika. Lole ya asilikali yonyamula inspetori idakwera chitunda ikutsokomola, ndipo itangoima pabwalo, injini idati phuu! Ana pazenera, ngati mbalame zoponyedwa mwala. Nanga munthu wophunzira uja? Adawadutsa onse! Adakadziponya m'dzenje lake lakuseri kwa chimbudzi, n'kuyamba kupaka dothi m'zala kuti choko chisaoneke.

Asadapume n'komwe, chimunthu chidawagwera pamsana, khu! Chamimba, chopanda jekete, nsapato imodzi. Adayang'anana. Aliyense mumtima: ameneyu ndi kazitape wa a m'tchire.

"Ndinu yani, bambo?" adanong'ona a Avelino.

"Ine? Wogula mbuzi chabe. Inuyo si aphunzitsi?"

"Ine? Ha! Sukulu ndimangoidutsa popita kudimba. Cholembera ndimachiyesa chotokosera m'khutu."

Mlendo adafuna kutsimikiza. "Nanga Tete ali mbali iti kuchokera pano?"

"Tete n'chiyani, achimwene? Amadya?"

Nawo a Avelino adaponya yawo. "Inu a mbuzi, kodi mbuzi imakhala ndi bere miyezi ingati?"

"Isanu ndi inayi," adayankha molimba mtima, "ngati wina aliyense."

Adakhala momwemo dzuwa mpaka kupendeka, akupikisana umbuli, ntchentche za kuchimbudzi zikuchitira umboni. Kenaka pamwamba padasuzumira nkhope ya a Lucrécia, atanyamula jekete ndi tayi zomwe adatola m'njira.

"Kamarada inspetori António! Takufunani ponseponse. Eee, ndaona mwadziwana kale ndi delegadu wathu wa Jeografiya."

Inu, m'dzenjemo ngakhale ntchentche zidachita manyazi.

Atawavuula, inspetori adalowa m'kalasi akutsimphina. Adayang'ana Portugal wotsala uja, adayang'ana dzungu. A Avelino adaona Chidzolomondo ikuwakodola.

"Bwana," adatero mwaulemu, manja kumbuyo, "ku Tete mukanene zonse, musabise kanthu. Nanenso akandifunsa ndidzafotokoza za mbuzi za miyezi isanu ndi inayi zija."

A António adatsokomola, n'kumanga tayi pang'onopang'ono.

"Kamarada Lucrécia, munthu wosadziwa kumene kuli Tete ndingamutumize bwanji ku Chidzolomondo? Asochera. Akhale pompano." Adanyamula dzungu lija n'kulikhwapatira. "Ichi ndikaonetse akuluakulu ngati chitsanzo."

Ku Tete kudali njala chaka chimenecho, ndiye akuluakuluwo mukudziwa kumene adachionera.

A Avelino adakalambira pasukulu pomwepo. Koma a Bertina, ndidawapeza chaka chatha pamsika wa Tsangano, sadakhululukebe.

"Nkhondo idatilanda zambiri," adatero, "koma dziko lonse lidapita ndi wogula mbuzi, osandisiyirako ngakhale nthanga."