Galimoto Sikodza

Mukadzatsika sitima ku Chipyela, pachilumba chathu chino, n'kuona kagalimoto koyera pansi pa mlambe, matayala atamira mumchenga, mbuzi itagona kunsi kwake, musavutike kufunsa kuti n'ka ndani. N'kanga. Wofuna kuseka asekeretu ndisanayambe, chifukwa ine mtima sunatsikebe.

Sukulu sindinapite nayo patali. Ndinalekera pomwe aphunzitsi anayamba kutiyankhula Chingerezi chokhachokha. Koma injini ndimaidziwa, pamenepo musanditsutse. Ndakulira pa boti ine. Injini ikamatsokomola cha ku Mbungo, ine ndili kwathu ku Yofu, ndimadziwa kuti ndi ya uje ndipo pulagi yake yada. (Mawu amenewa muwasunge, ndi amene anandipha.)

Loto la galimoto linandiyamba kalekale. Masana ndikamasoka ukonde pansi pa mango, madzi akunyezimira mpaka maso kulemera, ndinkangoona msewu utayalidwa pamwamba pa nyanja. Wakuda bii, wosalala, kuchoka pa Yofu mpaka kumapiri a ku Kobwe, kutsidya kwa nyanja. Ine m'kati, chigongono pawindo, kamphepo kakulowa m'malaya. Kulibe mwera, kulibe kukapa madzi, kulibe fungo la usipa. Ndinkadzidzimuka singano itagwa kale pansi.

Ndiye pali mwana wanga Monika. Ali wamng'ono, tsiku lina tikuchokera kutchalitchi mchenga unatentha, iye alibe nsapato, akudumphadumpha n'kumalira. Ndinamuika paphewa n'kumuuza kuti tsiku la ukwati wake sadzaponda mchenga, adzapita pa galimoto ya bambo ake. Mawu otonthozera mwana basi. Koma ana ena saiwala. Atapeza mwamuna, ankhoswe atamaliza zawo, anandipeza pa mango paja, anagwada bwinobwino n'kungoti, "Ababa, galimoto ija."

Ndinagulitsa injini ya boti. Inde, yomwe ija yodyetsa nyumba. Anagula ndi a Mandala, msodzi mnzanga wapagombe la ku Chipyela, ndipo anainyamula mwachangu ngati akuopa kuti nzeru zindibwerera. Amake Monika sanakalipe. Anangondifunsa ngati galimoto imapha utaka. Mchimwene wawo, mlamu wanga Fenando, amene amachita malonda pakati pa Kobwe ndi kuno, anati tipitire limodzi poti iye anayendetsapo galimoto ku Lichinga, tauni ya kutsidyako. Ndinakana. Munthu wogulitsa zitenje ndi sopo akandiphunzitse injini ine?

Ndinakwera sitima ndekha, kenako minibasi mpaka ku Mzuzu. Kumeneko ndinapezana ndi wogulitsa, mnyamata wa magalasi akuda, wonunkhira ngati shopu yonse ya mlamu. Dzina lake sindilitchula, pakamwa panga pangade. Kunali m'mawa, kuzizira kwa ku Mzuzu kuja kolowa m'mafupa, koma nditaika dzanja pa boneti ndinamva kufunda. Ndinati mumtima, uyu ndiye amasamala chinthu chake. (Pano ndikudziwa. Injini yodwala imadziwika podzuka ili yozizira. Iye anali ataidzutsiratu kuti ndisamve chifuwa chake.)

Atailiza, kumbuyo kunatuluka utsi wabuluu, wochuluka bwino. Tsono inu a kumtunda mumvetse. Injini ya boti timaithirira oyilo mu petulo momwemo, ndipo utsi wotere ndi umene umatiuza kuti oyilo akufika. Ndinaununkhiza utsi uja, ndinamva ngati ndili kwathu pagombe. Ndinagwedeza mutu n'kumuuza kuti ikudya oyilo bwino. Mnyamata uja anavula magalasi, kundiyang'ana, n'kuvalanso.

"Madala, inuyo ndinu katswiri," anatero.

Ndinagwada kusuzumira kunsi, ndipo ndinaona chomwe ndinkafuna: madzi akudontha. Pa boti, ukangoliza injini, choyamba kuyang'ana ndi kamadzi kotuluka kumbuyo kwake. Timati ikukodza. Injini yokodza ndi yamoyo, yosakodza ipsa posachedwa. Ndiye ine, munthu wamkulu ndi imvi zanga, ndinadzuka n'kudandaula kuti ikukodza pang'ono.

"Ikatentha imawonjezera, madala."

Pa zonse zimene anandiuza mnyamata ameneyo, zoona zinali zomwezi.

Tinakayesa pamsewu. Anatsegula wailesi mpaka mipando kunjenjemera, akuti ndimve masipika. Galimoto yake inali ya otomatiki, ndipo atandionetsa ndodo ya giya ndinasangalala: kutsogolo, pakati, kumbuyo, chimodzimodzi boti. Akaika kutsogolo inkayamba yaganiza kaye, kenako gu, n'kudumpha. Boti nalonso limatero, ndiye ndinati giya ikugwira mwamphamvu. Pachitunda injini inkalira kwambiri koma liwiro osaoneka, ine n'kumati ndi momwe zimakhalira pokwera funde. Tinazungulira, kuzungulira, n'kubwerera pomwe tinachokera, iye n'kuimika itayang'ana kumsewu. Rivesi sanaikepo. Inenso sindinafunse. Panyanja malo ndi ambiri, ukafuna kubwerera umangokhota.

Masana anandiphunzitsa kuyendetsa pabwalo la mpira (za laisensi tisakambe, pano si papolisi), ndipo mawa lake anandiperekeza ku Nkhata Bay. Msewu umenewo ndi wotsetsereka, ngakhale wilibala imaoneka yamphamvu. Ankaima pafupipafupi kuthira madzi m'boneti. Ine sindinadabwe. Chokodza chiyenera kumwa. Boti limamwa m'nyanja, nanga galimoto ikamwa kuti?

Chimene sindidzaiwala ndi pomwe ankaikweza m'sitima. Inanyamuka pansi pang'onopang'ono pa zingwe, yoyera mbee, n'kumazungulira m'mwamba ngati kakowa, timadontho tikugwa kunsi kwake dzuwa likutiwalitsa. Ulendo wonse ndinakhala pambali pake, dzanja pachitseko. Ndinkaona kale Monika atavala velo, anthu akupatuka, a Mandala atayasama. Nyanja tsiku limenelo inali bata ngati mafuta, ndipo msewu wa m'maloto uja ndinkauona patsogolo pa sitima.

Tinafika kutatsala tsiku limodzi kuti ukwati uchitike. Anthu anadzaza padoko. Fenando anaizungulira, n'kugwada, n'kukhudza madzi aja ndi chala.

"Mlamu," anatero motsitsa mawu, "galimoto sikodza."

Ndinamuuza kuti za ku Lichinga mwina sizikodza, izi ndi za ku Malawi. Anatsegula boneti, n'kuchotsa chotsekera oyilo, n'kundionetsa. Kunsi kwake kunali zinthu ngati tiyi wamkaka. Apa sindinama, oyilo wotere ngakhale pa boti ndi maliro, ndiye kuti madzi alowa kosayenera. Koma anthu anali atatizungulira, ana akudziyang'anira pagalasi. Ndinati oyilo wa masiku ano ndi wotero. Anati ndiike rivesi aone. Ndinamuyankha kuti sindinagule galimoto kuti ndizibwerera m'mbuyo, ndipo anthu anaseka, ine n'kumva kukoma. Ndinaiyendetsa mpaka kunyumba kwa Fenando komweko ku Chipyela, poti kwathu ku Yofu tinjira take n'ta miyendo, n'kuimika itayang'ana kumsewu monga anachitira mnyamata uja.

M'mawa wa ukwati Monika anavalira kwa Fenando. Anatuluka pakhonde n'kulowa m'galimoto osaponda pansi, mayi ake pambali. Kuidzutsa inavuta. Inatsokomola, kunjenjemera, n'kutulutsa utsi woyera umene unabisa mbuzi zonse za pabwalo. Koma inalira.

Kuchoka kwa Fenando kukafika kutchalitchi chachikulu chija ndi pafupi, belu likalira mumalimva m'mano. Ndikanangolunjika, bwenzi lero ndilibe nkhani. Koma nditagwira chiwongolero, chigongono pawindo, kamphepo kanalowa m'malaya ndendende ngati m'maloto muja. Ndinati asodzi anzanga andione kaye. Ndinakhotera kugombe.

Kanthawi kameneko, abale, ndinali munthu. Milambe ikudutsa pang'onopang'ono, azimayi akusiya chinangwa pamphasa n'kuimirira, velo la Monika likuuluka pagalasi. Kutsogolo nyanja yonse ili yalaa, mapiri a ku Kobwe akuoneka ngati ungawakhudze. Amake Monika ankayankhula kumbuyo, koma mawu awo ankamveka ngati akuchokera kutsidya. Kunena zoona, ndikuganiza kuti ndinkayembekeza kuti msewu wakuda uja upitirira.

Sunapitirire. Unathera pamchenga, pakati pa maboti ndi mathandala oyanikapo usipa, madzi ali pamphuno. Pokhotera panalibe.

Ndinaika rivesi. Injini inalira, galimoto phee. Ndinabwezera pakati, kuikanso, kuponda mwamphamvu. Inakuwa ngati nkhumba yomangidwa, osasuntha ngakhale pang'ono. Kamuvi kapatsogolo kanali katakwera mpaka pofiira, m'boneti mukutuluka nthunzi, kenako inangoti zii. Ndipo pomwepo inakodza. Osati madontho ayi, madzi onse, otentha, mpaka kukumba kadzenje mumchenga.

A Mandala anali atakhala pa boti lawo, injini yanga ili kumbuyo kwake. Anabwera, kuwerama, kuyang'ana.

"Koma ndiye ikukodza bwino, achimwene."

Belu linayamba kulira. Amake Monika anatsegula chitseko n'kuuza mwana kuti atsike, akwinye diresi, ayende, wansembe sadikira. Ine ndinangogwira chiwongolero. Ndikanatha ndikanalowa m'nyanja ndi suti yomwe.

"Sinditsika," anatero Monika. "Ababa analonjeza."

Sanakweze mawu. Ankangondiyang'ana pagalasi, maso omwe aja a tsiku la mchenga wotentha. Mayi ake anamunyengerera, anamuopseza, anatchula apongozi amene akudikira. Iye anangopinda manja pamiyendo.

Anatipulumutsa ndi a Mandala omwewo, ndipo ichi n'chimene chimandipweteka kwambiri. Anaitana asodzi onse a pagombe, anatenga chingwe chokokera ukonde n'kumanga kumbuyo kwa galimoto. Wina anayambitsa nyimbo yokokera, ena n'kuvomera, ndipo galimoto inatuluka mumchenga chafutambuyo. Titafika polimba ndinakuwa kuti aime tiitembenuze. Ndani akumve? Asodzi nyimbo ikagwira sasiya chingwe mpaka ukonde utafika.

Tinayenda choncho. Kopanda injini, kopanda utsi, mwakachetechete ngati bwato pamadzi a bata. Ine nkhope kunyanja, ndikuona ikutalikira, maboti akuchepa. Tinadutsa pamsika chambuyo, azimayi akuimba nthungululu, ena atagwira m'mimba. Fenando ankayenda pawindo langa n'kumandiuza kokhotetsera.

Anatikokera mpaka pakhomo penipeni pa tchalitchi. Wansembe anali ataima panja, mkwati thukuta lili kamukamu. Azakhali ena ankanong'ona kuti kulowa m'banja chafutambuyo si zabwino. Monika anatsegula chitseko, anaponda pamwala wa pakhomo, n'kutukula diresi pang'ono kundionetsa nsapato. Zoyera, zopanda kamchenga n'kamodzi komwe.

"Sindinaponde, ababa."

Ndinayang'ana kumbali. Utsi uja unali utandilowa m'maso.

Galimoto siinalirenso. Makaniko amene anadzaiona anati gasiketi inapsa kalekale, injini inkamwa oyilo chifukwa yatha m'kati, ndipo giyabokosi ndi yongotaya. Foni ya mnyamata wa magalasi mpaka lero siipezeka. Ndikadzakumana naye, Mulungu andigwire manja. Pano ndimakwera boti la a Mandala ngati waganyu, ndipo tikamanyamuka ndine ndimaliza injini, yanga yomwe, n'kumaiona ikukodza mokongola.

Ndiye inu ofuna kugula galimoto yakale, mverani munthu wopsa. Pitani injini ili yozizira, muidzutse nokha. Wailesi azimitse. Utsi wabuluu si moni wa kwanu. Tsegulani poikira oyilo, mukaona tiyi wamkaka bwererani. Giya yoganiza kaye isanagwire ndi yodwala. Rivesi muike ndi dzanja lanu. Ndipo mukaona madzi kunsi, thawani, galimoto si boti.

Zonsezi ndazidziwa. Koma Monika ali ndi mng'ono wake, Agnesi, ndipo sabata yatha anandipeza pa mango paja, n'kugwada bwinobwino. Sanamalize n'komwe kuyankhula, ine msewu wakuda uja ndinali nditauona kale pamadzi. Fenando akuti ku Kobwe kuli ina yabwino, iye waiona, siidontha ndipo siitulutsa utsi ngakhale pang'ono. Ndamuuza kuti ndiganize kaye. Injini yopanda utsi ine sindiikhulupirira.