Pakhomo Panga Padzakhala Mbee

Lolemba

Apongozi akubwera Loweruka kuchokera ku Bradford. Koyamba chikwatiwireni. Mwamuna wanga Limbani akuti mayi ake amadziwa mkazi poona pakhomo, asanalowe n'komwe m'nyumba. Chabwino. Pakhomo panga padzakhala mbee.

Zofunika:
tsache latsopano,
nkhuku yolimba, osati izi zosungunuka mumphika,
chitenje changa chatchalitchi, chochapa.

Wailesi ikuti kuno kugombe kukubwera chimphepo ndi chipale chofewa. Azanyengo! Kwathu akalengeza mvula m'pamene tinkayanika ufa.

Lachiwiri

Sananame. Tauni yathu yonse ya Redcar yayera. Ndikusesa m'mamawa monga anandiphunzitsira mayi anga, chowerama, dzanja limodzi kumbuyo. Ndikamaliza, mphepo yochokera kunyanja ikubweza zonse, n'kuwonjezerapo za aneba. A Frank, mkulu wa nyumba yoyandikana nafe, akundiyang'ana pawindo ndi kapu ya tiyi. Ndikuwabayibitsa ngati zonse zili bwino.

Lachitatu

A Frank andibweretsera thumba la mchere wamibulu. Akuti ndiwaze pakhomo kuti pasaterere.

Mchere pakhomo? Sabata imene apongozi akubwera? Adzangoti mwana wawo anakwatira mkazi wotsirika nyumba. Nkhani ikafika ku Dedza ine nkhuku ndisanaphule. Ndathokoza ndi manja awiri, thumba ndabisa pansi pa masitepe.

Lachinayi

Kutsidya kwa msewu sikukuoneka. Chipale chikuuluka chammbali, chikulowa mpaka m'makutu.

Zawonongeka:
tsache, lathyoka;
bini, yapita ndi mphepo, mwina ili kutauni ina, ku Middlesbrough;
chitenje, ndinachiyanika panja, chauma gwa ngati lata.

Wailesi ikuti amene alibe chifukwa chenicheni asayende. Ndaimbira apongozi mwaulemu kuti mwina adikire. Akuti: "Ndinabadwira ku Dedza ine, kuzizira sikundiopsa." Basi.

Lachisanu

Nzeru zabwera! Madzi otentha. Ketulo, poto, ndowa, ndikukhuthula pakhomo ponse mpaka pageti. Chipale chikusungunuka ndikuona. Simenti ikuwala. Palibe khomo lina mumsewu muno looneka chonchi, ndipo ndikunyada.

A Frank akugogoda pawindo lawo, akupukusa mutu. Nsanje.

Limbani sabwera, wa shifiti yotsatira kunyumba yosamalira okalamba kumene amagwira ntchito walephera kufika. Ndiye palibe wondiletsa.

Loweruka

Mayo ine. Madzi aja aundana usiku, pakhomo ponse pali ngati galasi.

Takisi yaima. Apongozi akutsika, duku lokongola kumutu, chikwama cha nyemba m'manja. Phazi loyamba pageti. Lachiwiri silinapeze pansi. Miyendo m'mwamba, nyemba mumsewu monse.

Ine kuthamanga kuti ndikawadzutse, n'kugwada monga mwa ulemu. Mawondo atereranso, ndakawagunda m'nthiti. Tonse awiri chagada pakhomo langa lowala. Mawu anga oyamba kwa apongozi maso ndi maso: "Mwayenda bwanji, amayi?"

Atidzutsa ndi a Frank, atavala masilipasi, akuwaza mchere patsogolo pawo ngati akufesa mawere. Angotilowetsa m'nyumba mmodzimmodzi. Bola akanandikalipira.

Nkhuku yapserera.

Lamulungu

Kutchalitchi sitipita, mabasi sakuyenda. Apongozi ali pasofa, bondo lotupa lili pampando. Akhala kuno mpaka msewu utatseguka, ndipo wailesi ikuti chimphepo china chili m'njira. Tsopano ndikuikhulupirira.

Limbani wafika, wamva zonse, wakatsekera kubafa. Ndikumumva akuseka.

Apongozi andifunsa ngati m'nyumba muno mulibe mchere. Ndatulutsa thumba lija, manyazi ali thoo, ndaulula chimene ndinabisira. Akuti ku Bradford amawaza okha m'mawa uliwonse, ngakhale abusa amawaza.

Kenako: "Pakhomo ndinapaona, mwana wanga, ndinapaonera pafupi. Ndi paukhondo. Koma ukanakhala waulesi pang'ono, bwenzi ndikuyenda."

Ndili panja tsopano, ndikuwaza mchere. Nyemba ndidzatola kukafunda.