Wapampando wa Kalabu Yokwera Mapiri

Ndinabadwira ku Zomba konkuno, koma phiri lathuli ndinali ndisanalikwerepo mpaka tsiku limene linandivula ulemu pamaso pa anthu khumi ndi awiri.

Ndili chaka chachiwiri ku koleji, bungwe lina linalengeza kuti lithandiza ophunzira ochepa kumaliza maphunziro. Popanda thandizo limenelo, ine ndikanabwerera ku Matawale kukangokhala pakhomo. Fomu ndinaidzaza bwinobwino mpaka pafunso lakuti, “Kupatula za m'kalasi, mumachitanso chiyani?” Mpira sindimenya. Kukwaya anandibweza (akuti ndinkasocheretsa ena). Ndinathamangira ku Chikanda kwa mnzanga Yusufu.

“Aise, magiredi aliyense ali nawo,” anatero Yusufu. “Anthu amenewa amafuna munthu wotakataka. Lemba chinthu choti sangakuuze kuti uchichite mu ofesi momwemo.”

Ndinasuzumira pawindo, ndinaona phiri. Basi ndinalemba kuti ndine wapampando wa kalabu yokwera mapiri. (Mamembala ndinalibe, ndiye pachisankho panalibe wopikisana nane.)

Anandiitana ku intaviyu. Wotsogolera mafunso anali mayi wina waimvi, a Nachisale. Atafika pamzere umenewo nkhope yawo inawala.

“Eee, mwatipeputsa bambo! Loweruka tikukwera phiri ndi onse amene afika pandime ino, tione mmene mumakhalira ndi anzanu. Timasowa wotitsogolera.”

“Palibe vuto, mayi,” pakamwa panga panayankha pasanandifunse mwiniwakene.

Loweruka m'mawa ndinatulukira nditavala nsapato zanga zosongoka zakutchalitchi, madzi osatenga. A Nachisale anaziyang'ana nsapatozo kwa kanthawi.

“Ndinazizolowera,” ndinatero.

Poyamba zinayenda bwino, chifukwa njira inali imodzi. Titafika pamphambano ndinaloza kumanzere molimba mtima, ndipo tinakathera m'munda wa mbatata wa eni ake. Ndinati ndimafuna aone ulimi wa m'phiri. Pamphambano yachiwiri nkhungu inatsika, mitengo ya paini yonse n'kufanana.

“A wapampando,” anaitana mtsikana wina wophunzira zamalamulo, “mtsinje uwu sitinauwoloke kale?”

“Ayi, uwu ndi mng'ono wake.”

Apa n'kuti zidendene zitatuluka matuza, mtima ukugunda mpaka m'makutu. Amayi ena otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu anatipatukira, mmodzi n'kundifunsa, “Pepani achimwene, mukudwala?” Pofuna kuonetsa kuti ndili bwino, ndinadumphira pamwala wonyowa. Nsapato zija zinapita kwawo, ine kwanga. Ndinakhala pansi m'matope kuti thapsa, ndipo buluku linalira kumbuyo kuti kwee, kuchokera palamba mpaka pansi.

Ndinadziwa kuti sukulu yathera pomwepo.

“Mayi,” ndinatero ndili chikhalire, “ine phiri lino n'koyamba kulikwera. Kalabu ija kulibe. Ndipo kumene tili sindikukudziwa.”

A Nachisale anaseka mpaka kugwira mtengo.

“Ine ndimakwera muno mwezi uliwonse, bambo. Ndinadziwira pansapato.”

“Nanga osanena bwanji?”

“Ndimafuna ndione ngati muvomere tisanafike ku Domasi.”

Anandibwereka chitenje, ndinamanga m'chiuno, iwo n'kutsogola. Wapampando ndinatsika phiri ndili kumapeto kwa mzere, nsapato zili m'manja. Tikuyandikira msewu anabwerera m'mbuyo kudzayenda nane.

“Tandiuzani zoona tsopano. Loweruka mumatani?”

“Palibe chenicheni, mayi. Ndimangophunzitsa amayi ena a kwathu ku Matawale kuwerenga ndi kulemba, pakhonde pa mayi anga.”

“Munayamba liti?”

“Chino n'chaka chachitatu.”

Anaima n'kundiyang'ana monga anayang'anira nsapato zija.

“Ndiye munasiya zimenezo n'kukalemba za phiri?”

“Ndinkaona ngati n'zapakhomo chabe.”

Anangopukusa mutu n'kupitirira. Masabata atatu otsatira ndinkadya osamva kukoma. Kenako kalata inabwera: anditenga, koma ndikadzazenso fomu, ulendo uno ndi zoona. Ndinakhala pansi n'kuiwerenga kanayi.

Chichokereni apo ndinaphunzira kuti bodza silikwera phiri. Mwezi watha pofunsira ntchito ndinalemba zoona zokhazokha. Kungoti pamalo pa zilankhulo panatsala mpata, ndiye ndinaonjezerapo Chifalansa.

Andiitana Lolemba.